Zithunzi zimene tinasankha kuonetsa abale titabwerako ku Mangalande

Munthu akabwerako ku ulendo wautali, abale amayembekezera mphatso ndi zithunzi. Mphatso sizichedwa kutha, koma zithunzi zimapitiriza kulankhula ngakhale mwini wake atakhala chete. Ife tinakhala miyezi inayi ku Manchester, kuyambira Novembala mpaka Febuluwale, kwa mwana wathu wamkazi amene ndi namwino, ndipo tinabwerako foni itadzaza. Tisanaonetse aliyense, tinayamba takhala pansi awirife kusankha.

Chifukwa chake n'chakuti zithunzi zimatha kunama. Mukaonetsa masitolo owala ndi misewu yosalala yokhayokha, achibale amayesa kuti mwana wanu akutola ndalama pansi, ndipo mawa lake mauthenga opempha thandizo amayamba kumuvumbwira pa WhatsApp. Choncho chithunzi chimene timayambira ndi cha iyeyo, atagona pampando nsapato zili kuphazi, atachoka ku ntchito ya usiku wonse. Tinamupempha kaye chilolezo tisanachionetse. Azakhali ake atachiona anakhala duu, kenaka anati, “Kani mwanayu amavutika chonchi?”

Chachiwiri ndi cha pawindo. Wotchi ya pakhoma ikuonetsa kuti yangopitirira 4 koloko masana, koma kunja magetsi a mumsewu ayaka kale. M'mwezi wa Disembala dzuwa limalowa 4 koloko isanakwane, ndipo usana sukwana maola asanu ndi atatu. Lachisanu tinkafulumira kuphika ndi kusita chifukwa Sabata linkatipeza msanga. Mdima umenewu umakhudzanso thanzi. Khungu limapanga vitamini D likawombedwa ndi dzuwa, ndipo la kumeneko m'nyengo yozizira ndi lofooka, n'chifukwa chake a zaumoyo amalangiza anthu kumwa mamaikologalamu 10 a vitaminiyu tsiku lililonse, makamaka ife a khungu lakuda. Amene muli ndi ana kumeneko, muziwafunsako ngati amamwa.

Chimene ana a kwathu amachikonda kwambiri ndi chimene taima pafupi ndi chikwangwani cholembedwa kuti Blantyre, titavala zikhoti zolemera ndi zipewa. Amakana kuti ku Blantyre sikuzizira choncho! Ameneyu ndi Blantyre wa ku Scotland, m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, kufupi ndi Glasgow, kumene David Livingstone anabadwira mu 1813. Nyumba yake, Shuttle Row, tsopano ndi yosungiramo zinthu zakale. Banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi, ndipo iye anayamba ntchito m'fakitale ya thonje ali ndi zaka khumi, n'kumapita kusukulu madzulo ataweruka. Amishoni amene anafika kumapiri a Shire mu 1876 ndiwo anatcha malo awo dzina la kwawo kwa Livingstone. Kachipinda kameneko tinakajambula kawiri, poti ana ambiri amaganiza kuti mzungu aliyense anabadwira m'chuma.

Zina ndi zazing'ono: mdzukulu akulawa nsima koyamba, nkhope ili tsinyaa, ndi mapazi athu pa chipale chofewa.

Agogo a mwanayu, amene ali ndi zaka zopitirira 80, pafoni saona bwino, ndipo chala chawo chikangokhudza galasi chithunzi chimathawa. Tinatsukitsa zithunzi khumi ndi ziwiri zazikulu bwino, kumbuyo kwake n'kulembako mayina, malo ndi mwezi. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, koma pepala limatha kudikira mdzukuluyo mpaka adzadziwe kuwerenga. Tinawapatsa chimodzichimodzi pakhonde, osawafulumiza. Atafika pa cha mwana wa nsima uja, anachiyandikiza kumaso nthawi yaitali, nati makutuwo ndi a malemu amuna awo. Chimenecho sanabweze, anachiika m'kati mwa buku lawo la nyimbo.