ZITHUNZI ZOYENDA

M'zaka za m'ma 1950 anthu a m'makomboni a ku migodi ya Copperbelt anali kusonkhana pabwalo madzulo kudzaona bayisikopo. Nsalu yoyera inali kupacikidwa patsogolo, makina anali kulira kumbuyo, ndipo pansalupo panali kuthamanga akavalo ndi amuna a zipewa zazikulu. Ku midzi ina kunali kufika galimoto lonyamula makina otere. M'caka ca 1961 wailesi ya kanema inayamba ku Kitwe, ndipo masiku ano mwana wa sukulu aonera mpira pa foni ya mkulu wace, kanthu kolowa m'thumba la malaya.

Koma pa makina onsewa, akale ndi atsopano omwe, palibe cithunzi ngakhale cimodzi cimene ciyenda. Cimene munthu aona ndizo zithunzi zambiri zoima, zoonetsedwa cina pambuyo pa cinzace mofulumira kwambiri, kotero kuti maso ndi ubongo zilephera kuzilekanitsa. Mwana ali yense akhoza kuyesa zimenezi. Atenge buku lakale lolembamo, ajambule kamunthu pangondya ya tsamba liri lonse, nasendeze mwendo wace pang'ono pa tsamba lotsatira. Atatha masamba 20 kapena 30, agwire ngondyayo ndi cala cacikulu ndi kulekerera masamba kuti agwe msanga-msanga. Kamunthu kaja kadzayamba kuyenda.

Kale anthu anali kutsutsana za kavalo. Ena anati pothamanga iri-po nthawi imene miyendo yace yonse inai ikhala m'mwamba. Ena anati iai, mwendo umodzi uponda pansi nthawi zonse. Maso sanathe kuweruza mlanduwo, pakuti miyendo ya kavalo ifulumira koposa. Tsono m'caka ca 1878, ku California m'dziko la America, munthu wina wojambula zithunzi, dzina lace Eadweard Muybridge, anandandalika makamera 12 m'mbali mwa njira, napingasa timaulusi panjirapo, kali konse kolumikizidwa ku kamera yace. Kavalo podutsa anakoka timaulusito, ndipo kamera iri yonse inajambula pa nthawi yace. Zithunzizo zinaonetsa kuti kavalo acokadi pansi ndi miyendo yonse, ndipo atero pamene miyendoyo yapindikira kunsi kwa mimba, osati itatambasuka monga anali kujambulira amisiri akale. Pambuyo pace Muybridge anajambulitsa zithunzi zotere pa mbale yagalasi yozungulira, naziwalitsa pansalu, ndipo kavalo anathamanganso pamaso pa anthu okhala m'nyumba.

Pa 28 Disembala 1895, mu mzinda wa Paris, abale awiri, Auguste ndi Louis Lumière, anaonetsa zithunzi zoyenda kwa anthu olipira ndalama pakhomo. Anaona anchito ali kutuluka m'fakitale, anaonanso khanda liri kudyetsedwa. Kanema ali yense sanakwane mphindi imodzi, ndipo analibe mau. Pamene mau anawonjezedwa, ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1920, opanga kanema anapangana kuti pa sekondi iri yonse pazioneka zithunzi 24. Motero kanema wa maora awiri ali ndi zithunzi 172,800. Wailesi ya kanema ya m'Zambia ionetsa zithunzi 25 pa sekondi.

Zithunzi zakalezo zinali kukhala pa filimu, ndiye lamba wautali woonekera, wa timabowo m'mbali monse muwiri. Filimu ya maora awiri italika kupitirira makilomita atatu. Wojambula anali kubwera ndi filimu yambiri yoposa yofunika, ndipo nchito yosankha inali ya munthu wina, wolumikiza. Iye anali kuyang'ana lambayo pa kuwala, nadula ndi lumo pamene afuna, namatiriza zidutswa zabwino. Zotsala zinali kugwa pansi. Nchito imeneyi iri ndi mphamvu yaikulu kuposa m'mene ionekera. Wolumikiza akatenga cidutswa ca mkango wojambulidwa kuthengo, naciphatikiza ndi cidutswa ca munthu wothawa amene anajambulidwa tsiku lina kuseri kwa nyumba, oonera onse adzalumbira kuti mkango unapirikitsa munthuyo, cinkana awiriwo sanaonane konse. Ndi bwino kuti woonera kanema asaiwale dzanja losaoneka limeneli. Masiku ano nchitoyi icitidwa pa kompyuta kapena pa foni, ndipo palibe cidulidwa kweni-kweni. Pulogalamu yolumikizira ingolemba malangizo akuti, yamba pa sekondi 10, leka pa sekondi 25, lumpha upite pa sekondi 70. Zojambulidwa zoyambazo zikhala zamphumphu, ndipo wolakwa akhoza kubwerera.

Filimu inali ndi ubwino umodzi: munthu akaikweza ku dzuwa anali kuona zithunzi ndi maso ace. Koma m'caka ca 1956 kampani ya Ampex ku America inaonetsa makina osunga zithunzi pa tepi ya maginito. Pa tepi sipaoneka kanthu ndi maso. Zithunzi zalembedwapo m'zizindikiro zimene makina okha awerenga. Apa ndipo panayambira bvuto limene liri-po kufikira lero. Kampani ya Sony ya ku Japan inatulutsa tepi yochedwa Betamax mu 1975, ndipo ya JVC inatulutsa VHS mu 1976. Tepi ya mtundu wina sinali kulowa m'makina a mtundu winawo. VHS inapambana, ndipo amene anagula Betamax anatsala ndi makina osowa matepi.

Kompyuta ndi foni zisunga zithunzi m'njira inanso, ndiyo ya manambala. Cithunzi cigawidwa m'timadontho tating'ono tondandalikidwa m'mizere, monga mikanda yolukidwa pa lamba. Kadontho kamodzi kachedwa pixel. Cithunzi coonekera bwino ca masiku ano ciri ndi timadontho 1,920 m'litali ndi 1,080 m'lifupi, ndiko kuti 2,073,600 tonse pamodzi. Kadontho kali konse kafuna manambala atatu, onena kuculuka kwa kufiira, kwa kubiriwira ndi kwa mtundu wa thambo. Malo osungira nambala imodzi yotere achedwa byte. Tsono cithunzi cimodzi cidya ma byte oposa mamiliyoni 6, ndipo sekondi imodzi ya zithunzi 25 idya oposa mamiliyoni 155. Foni yosunga ma gigabyte 32, ndiwo ma byte mamiliyoni 32,000, ikadadzala mphindi zinai zisanakwane. Nanga citheka bwanji kuti foni yomweyo isunga kanema wa maora ambiri?

Yankho ndilo lakuti makina salemba zonse. Mbusa pobweza ng'ombe 40 madzulo sachula ng'ombe iri yonse kwa atate ace. Angoti, "Zonse ziri monga dzulo, atate, koma yamawanga ija iri kutsimphina." Atatewo amva zonse, cifukwa adziwa m'mene khola linaliri dzulo. Makina acita cimodzi-modzi. Pamene munthu ali kuwerenga nkhani pa wailesi ya kanema, cipupa ca kumbuyo kwace siciyenda, thebulo siliyenda. Igwedezeka ndi milomo, maso ndi mutu pang'ono. Motero makina alemba cithunzi cimodzi cathunthu, ndipo pa zithunzi zotsatira angolemba zimene zasintha, monga kuti kadera aka kasendera kumanja pang'ono, ako kakhale pomwepo. Patapita kanthawi alembanso cithunzi cina cathunthu, nayambiranso pamenepo. Ici ndico cifukwa cace pa nthawi ya mvula yamphamvu, pamene zizindikiro zocokera ku setilaiti zisokonezeka, nkhope za anthu zisweka m'timabokosi ndi kupakana, kenaka zibwerera mwadzidzidzi. Makina anataya cina ca malangizo aja, ndipo anadikira cithunzi cathunthu cotsatira.

Njira yaciwiri ndiyo ya kutaya dala. Diso la munthu lizindikira msanga kusiyana kwa kuwala ndi mdima, koma siliri lakuthwa pa mitundu. Cifukwa cace makina asunga kuwala kwa kadontho kali konse, koma mtundu aulemba kamodzi pa timadontho tinai. Agawanso cithunzi m'timabwalo ta ngondya zinai, nacita masamu olekanitsa zazikulu za m'kabwalomo ndi tinthu tosaoneka bwino, ndipo tinthu timeneto atitaya. Masamu amenewa anawaganiza Nasir Ahmed, mwana wa ku Bangalore m'dziko la India amene anali kuphunzitsa ku America, nawafalitsa pamodzi ndi anzace awiri mu 1974. Nchitoyi ifanana ndi ya amai pofutsa ciwawa. Dengu lodzala ndi masamba, litawiritsidwa ndi kuyanikidwa, lisanduka mfutso wokwana m'cikwatu cimodzi, wopepuka ndi wosungika. M'cilimwe mfutsowo uphikidwa nukoma, koma subwerera kukhala masamba aawisi. Cotayidwa catayika. Kanema amene apanikizidwa kawiri kapena katatu, pocoka pa makina ena kunka pa ena, aoneka mwacimbuuzi, pakuti ulendo uli wonse pacoka kanthu.

Kuti zonsezi zitheke, wolemba ndi wowerenga ayenera kumvana. Dongosolo la kalembedwe ndi kawerengedwe kameneka lichedwa codec. M'caka ca 1988 Leonardo Chiariglione wa ku Italy ndi Hiroshi Yasuda wa ku Japan anayambitsa bungwe la akatswiri lochedwa MPEG, lakuti lipangane malamulo amodzi a maiko onse. M'pangano lao loyamba munacokera MP3 ya nyimbo, ndipo laciwiri, MPEG-2, linagwira nchito pa DVD. Mu 2003 munatuluka H.264, imene mafoni ambiri ajambulira, ndipo mu 2013 munatuluka H.265, yopanikiza koposa.

Pali cinanso cimene cisokoneza anthu ambiri, ngakhale akulu-akulu. Dzina la fayilo ya kanema lithera ndi zilembo monga MP4, AVI, MOV kapena MKV, ndipo anthu aganiza kuti zilembozi zinena zonse. Si tero ai. Zimenezi ndizo maina a cotengera cabe. M'cotengeramo muli zithunzi pa zokha, mau pa okha, nthawi zina mau olembedwa oonekera pansi pa cithunzi, ndiponso ndondomeko ya nthawi yakuti mau azigwirizana ndi milomo. Dzina lakuti Matroska, kumene kwacokera MKV, linatengedwa ku zidole zamtengo za ku Russia zimene zikhala cina m'kati mwa cinzace. Makalata awiri akhoza kufika m'maenivulopu ofanana, wina wolembedwa m'Cibemba, wina m'Cilozi. Wodziwa Cibemba cokha adzatsegula onse awiri, koma adzawerenga mmodzi. Momwemonso mafayilo awiri a MP4 akhoza kukhala, ina ya H.264, ina ya H.265. Foni yakale idzaonetsa yoyambayo, koma pa yaciwiri idzakana, kapena idzatulutsa mau okha pa galasi lakuda. Kusintha zilembo za dzina sikuthandiza, monga kusintha enivulopu sikumasulira kalata. Cofunika ndico kupeza pulogalamu yodziwa cilembedweco, kapena kumasulira kanemayo m'cilembedwe cina.

Makina sadziwa zilembedwe zonse pa zifukwa ziwiri. Ena anapangidwa cilembedweco cisanabadwe. Koma pali-nso nkhani ya ndalama, pakuti njira zambiri za kupanikiza ziri ndi eni ace, ndipo wopanga makina alipira kuti aziikemo. Ici cinacititsa makampani ena kugwirizana ndi kutulutsa AV1 mu 2018, yakuti igwiritsidwe nchito popanda malipiro otere. Anali-ponso anthu amene anagwira nchito yao napatsa onse kwaulere. Mu 1996 ophunzira a pa sukulu ya École Centrale ku Paris anayamba kulemba pulogalamu yoonetsera kanema pa makompyuta a pa sukulu pao, ndipo mu 2001 inaperekedwa kwa ali yense. Imeneyi ndiyo VLC, yodziwika ndi cizindikiro ca kacipewa kosongoka kamene okonza mseu aika panjira. Iyo inyamula zilembedwe zambiri m'kati mwace, motero itsegula mafayilo amene mapulogalamu ena akana. Nzeru zace zambiri izitenga kwa inzace yochedwa FFmpeg, imene anaiyamba Fabrice Bellard wa ku France mu 2000.

Zithunzi zoyenda sizikhalitsa monga anthu ayesera. Filimu yakale inali kupangidwa ndi mankhwala ogwira moto msanga, ndipo ikakalamba inali kunyenyeka kukhala fumbi. Nyumba yaikulu ya mabuku ya ku America, Library of Congress, inawerenga mu 2013 kuti mwa akanema aatali opanda mau opangidwa m'dzikomo, 70 pa 100 ali onse anatayika psiti. Tepi nayo iguga, icita nkhungu m'nyengo ya mvula, ndipo kampani yotsiriza yopanga makina a VHS, ya Funai ku Japan, inaleka kuwapanga mu 2016. M'mabokosi a m'nyumba zambiri mwagona matepi a maukwati ndi a ubatizo, momwe muli nkhope ndi mau a agogo amene anamwalira kale, koma makina owawerengera ali kutha mmodzi-mmodzi. Osunga zinthu zakale, akapeza tepi yotere, ayamba aipukuta nkhungu, naiyendetsa pa makina amene akali amoyo, nalemba zonse pa kompyuta osapanikiza kwambiri. Fayilo imeneyo aisunga malo awiri kapena atatu otalikirana, ndipo patapita zaka zingapo aitsegulanso kuti aone ngati iwerengekabe.