Madzi a m'botolo la mchere achokera kuti?

Mvula ikangokhazikika, anthu amene amadziwa ntchito yanga sayamba ndi kundifunsa za chimanga. Amandifunsa za mchere. "Denga silidontha, botolo sanaligwetsere m'madzi, nanga mcherewu wanyowa bwanji?" Ine ndimayeza chinyezi m'mbewu zosungidwa, ndipo ndimawayankha kuti madziwo ali mu mpweya womwe tikupumawu, kungoti maso sawaona.

Mpweya umanyamula nthunzi, ndipo ukatentha umatha kunyamula yochuluka. Mchere wapakhomo umangokhala phee mpaka chinyezi cha mu mpweya chifike pafupifupi 75 peresenti. Chikapyola apo, mchere umayamba kukoka madzi mpaka kusungunuka m'madzi omwe wadzikokera wokhawo. Feteleza wa Urea khalidwe lake ndi lomweli. Dzuwa likawala amauma n'kugwirana, n'chifukwa chake thumba losiyidwa chosamanga kukamwa mumalipeza lasanduka chimwala. Simenti ndiye woopsa, chifukwa madzi akalowa amamangana naye, sabwereranso.

Matabwa, fodya ndi chimanga khalidwe lake ndi lina. Izi zimamwa n'kubweza. Chitseko chimene chimakana kutsekeka mu Febuluwale ndi chomwecho chimene chimasiya mpata mu Okutobala. Alimi a fodya wa bale izi anazidziwa kalekale: tsamba salisankha masana likuchita kuphwanyika, amadikira m'mawa litafewa ndi chinyezi cha usiku.

Chimene chimandiwawa mtima ndi chimanga. Mlimi wavutika chaka chonse, wakolola, wayanika, ndipo akuganiza kuti chikauma chauma basi. Ayi ndithu. Njere ya chimanga imasinthana madzi ndi mpweya tsiku ndi tsiku. Ife timafuna chisungidwe chili ndi madzi pafupifupi 13 peresenti. Koma kumadera ngati Thyolo ndi Mulanje, Chiperoni chimabwera m'miyezi yozizira, nthawi yomwe anthu akuyanika, ndipo chimanga chouma bwino chimatha kumwanso. Chikanyowa, chuku chimamera, ndipo chuku china chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene amawononga chiwindi. Kuphika nsima sikumuchotsa.

Makina anga oyezera si aliyense angawagule, koma mchere uja ungakuthandizeni. Umitsani mchere bwinobwino padzuwa kapena pa chiwaya, uzizire. Tengani botolo lagalasi louma, thiranimo chimanga chodzaza dzanja ndi masipuni awiri kapena atatu a mcherewo, tsekani, khutchumulani, mudikire mphindi zingapo n'kukhutchumulanso. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere pa mkeka. Ukapanda kumatirira, thirani m'matumba, koma muwasanje pa mitengo, asakhudze pansi kapena khoma. Ngati ndi matumba osalowa mpweya aja a PICS, omwe amakhala atatu, lina mkati mwa linzake, mangani kukamwa kwa thumba lililonse mwa atatuwo palokhapalokha, ndipo musathiremo chimanga chimene botolo lachikana.