Zoyenera Kudziwa Musanatumize Mtedza Kumisika ya Kunja

Alimi ndi amalonda amene akufuna kukulitsa bizinesi yawo pogulitsa mtedza kunja kwa dziko lino akudziwitsidwa kuti chopinga chachikulu pamalondawa ndi chuku. Chuku chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin, amene saoneka ndi maso ndipo satha ngakhale mtedzawo utakazingidwa. Maiko a European Union amakana mtedza wodya anthu ngati poizoniyu wapyola magawo 4 pa biliyoni.

Vutoli limayambira kumunda ndi pakhomo. Mtedza wochedwa kukumbidwa, woyanikidwa pa dothi, kapena wosungidwa usanaumitsitse umachita chuku msanga. Choipa koposa ndi chizolowezi chouwaza madzi kuti usavute kuswa kapena kuti ulemere pa sikelo: phindu lake n'lochepa, koma matumba owerengeka otere angakanitse katundu wa gulu lonse. Choncho kayezetseni mtedza wanu ku Malawi Bureau of Standards musanalonjeze wogula.

Pachipata mudzafunikanso chiphaso chotsimikiza kuti mbewuyo ilibe tizilombo ndi matenda, komanso chosonyeza dziko limene katunduyo wachokera. Popanda chachiwirichi, simungapindule ndi kuchotseredwa msonkho m'maiko a COMESA ndi SADC.