Giselle: gule wa mwana wa alimi amene wavinidwa zaka zoposa 180

Pa 28 Juni 1841, anthu olemera a mumzinda wa Paris, m'dziko la France, anadzaza nyumba ya zisudzo ya Paris Opéra kudzaonera gule watsopano. Mwini nkhani m'guleyu sanali mfumu kapena mwana wa mfumu. Anali mtsikana wakumudzi, wa m'dera la alimi a mphesa, dzina lake Giselle. Papita zaka zoposa 180 tsopano, koma guleyu akuvinidwabe ku Paris, ku London, ngakhalenso ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Chimodzi mwa zimene zamusunga ndi funso limene nkhani yake imasiya m'mitima ya oonera: munthu waudindo akanamiza mwana wa anthu osauka, kodi mlanduwo amalipira ndani?

Gule wopanda mawu

Giselle ndi gule wa mtundu wa ballet. M'gule wotere palibe wolankhula kapena woimba ndi pakamwa. Nkhani yonse imafotokozedwa ndi kavinidwe, manja ndi nkhope, pamene oimba zida amakhala m'munsi, kutsogolo kwa nsanja. Akazi amavina ataima pansonga za zala zakumapazi, luso limene munthu amaliphunzira kwa zaka zambiri kuyambira ali mwana.

Kavinidwe kameneka kanatchuka m'chaka cha 1832, pamene Marie Taglioni anavina gule wa La Sylphide m'nyumba yomweyo. Nthawi imeneyo anthu a ku Ulaya ankakonda nkhani za mizimu, za nkhalango usiku ndi za chikondi chosatheka. Nyali za gasi, zimene zinayamba kugwiritsidwa ntchito pansanja ya Paris Opéra mu 1822, zinkatha kuchepetsedwa mpaka kuwala ngati mwezi. Mtsikana wovala zoyera akaima pansonga za zala m'kuwala kotere, ankaoneka ngati sakuponda pansi.

Nkhani ya Giselle inalembedwa ndi mlakatuli Théophile Gautier pamodzi ndi Jules-Henri Vernoy de Saint-Georges, atawerenga zimene Heinrich Heine analemba za mizimu yotchedwa Wili. Nyimbo anapeka ndi Adolphe Adam, ndipo kavinidwe anakonza ndi Jean Coralli ndi Jules Perrot, ngakhale kuti dzina la Perrot silinalembedwe pa ndondomeko ya tsikulo. Woyamba kuvina ngati Giselle anali Carlotta Grisi wa ku Italy, amene anakwanitsa zaka 22 tsiku lomwelo.

Mlendo wa nthawi yokolola

Chigawo choyamba chimachitikira m'mudzi wina wa m'chigwa cha mtsinje wa Rhine, ku Germany, m'nyengo yokolola mphesa. Giselle amakhala ndi amayi ake ndipo amakonda kuvina, ngakhale kuti amayiwo amamuletsa poopa kuti mtima wake ndi wofooka. M'mudzimo mwafika mnyamata wodzitcha Loys, wovala ngati mlimi, ndipo awiriwa ayamba kukondana. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: Loys ameneyu dzina lake lenileni ndi Albrecht, munthu wa banja lachifumu amene wabisa lupanga ndi zovala zake m'kanyumba, ndipo anatomera kale mkazi wa banja lolemekezeka dzina lake Bathilde.

Hilarion, mlonda wa nyama za m'nkhalango, amamufunanso Giselle ndipo amamukayikira mlendoyo. Tsiku lomwelo gulu la olemekezeka limene likusaka nyama lifika m'mudzimo kudzapuma, Bathilde ali pakati pawo. Iye asangalala ndi Giselle mpaka kumupatsa mkanda wa m'khosi, onse awiri osadziwa kuti akuyembekeza mwamuna mmodzi. Pakati pa chikondwerero cha zokolola, Hilarion atulutsa lupanga lija naliza lipenga kuitana alenjewo. Albrecht asowa chonena, ndipo aima kumbali ya Bathilde. Giselle asokonezeka mutu, ayamba kubwereza mayendedwe a gule amene ankavina ndi bwenzi lakelo, kenaka agwa pansi namwalira pamaso pa mudzi wonse.

Chigawo chachiwiri chimachitikira kumanda, m'nkhalango, pakati pa usiku. Kumeneko kumatuluka a Wili, mizimu ya atsikana amene anamwalira tsiku la ukwati lisanafike. Mfumukazi yawo ndi Myrtha, ndipo lamulo lawo ndi limodzi: mwamuna aliyense amene amupeza m'nkhalangomo amamuvinitsa mpaka kufa. Hilarion abwera kudzalira pamanda, agwidwa, avinitsidwa, naponyedwa m'nyanja. Albrecht naye afika ndi maluwa, ndipo Myrtha alamula kuti aphedwe. Koma mzimu wa Giselle umuteteza. Umutsogolera pamtanda wa pamanda ake, kenaka uvina naye mpaka m'bandakucha, pamene mphamvu za a Wili zimatha. Albrecht apulumuka.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Wosauka amene ananena zoona wafa, mtsikana wonamizidwa wafa, koma wonamiza watsala ndi moyo. M'mathero a mu 1841, mzimu wa Giselle unkafika polozera Albrecht kwa Bathilde kuti akakwatirane. Masiku ano mbali imeneyi kawirikawiri imachotsedwa, ndipo Albrecht amatsala yekha pamanda.

Kuseri kwa nsanja

Zimene zinkaonetsedwa pansanja sizinali kutali ndi moyo wa ovinawo. Atsikana ambiri amene ankavina m'gulu ku Paris Opéra ankachokera m'mabanja osauka, ankayamba ntchitoyi ali ana, ndipo malipiro awo anali ochepa. Louis Véron, amene anayamba kuyendetsa nyumbayi mu 1831, analola amuna olemera olipira mipando ya chaka chonse kulowa m'chipinda cha kuseri kumene ovina ankakonzekera. Ena mwa amunawa ankasankha atsikana oti aziwalipirira nyumba ndi zovala posinthana ndi chibwenzi. Motero ena mwa amene ankaombera m'manja Giselle womvetsa chisoni anali a Albrecht enieni.

Ntchitoyi inalinso ndi ngozi. Mu 1862, chovala chopyapyala cha Emma Livry chinagwira moto wa nyali ya gasi pa nthawi yokonzekera, ndipo iye anamwalira ndi mabala ake chaka chotsatira ali ndi zaka 20.

Ku Paris guleyu analeka kuvinidwa pambuyo pa chaka cha 1868, ndipo nyumba imene anayambira inapsa mu 1873. Anapulumukira ku Russia, kumene Marius Petipa anamukonzanso mumzinda wa St Petersburg mu 1884. Giselle amene amavinidwa lero amatsatira kwambiri ntchito ya Petipa. Gulu la Ballets Russes ndi limene linamubweretsanso ku Paris mu 1910, Tamara Karsavina ndi Vaslav Nijinsky akutsogolera.

Giselle wokana kukhululuka

M'zaka zaposachedwa, akatswiri ena asamutsira nkhaniyi kumalo ena pofuna kuonetsa poyera kusiyana kwa olemera ndi osauka. Mu 1984, gulu la Dance Theatre of Harlem la ku America linaika nkhaniyi ku Louisiana, pakati pa anthu akuda omasuka m'nthawi ya ukapolo. Mu 2016, Akram Khan anakonzera gulu la English National Ballet Giselle amene ali mmodzi wa anthu obwera, ogwira ntchito m'fakitale yosoka zovala, otsekeredwa kunja kwa khoma la eni chuma.

Kusintha kwakukulu kunachokera kuno kum'mwera kwa Africa. Dada Masilo, amene anabadwira ku Soweto mu 1985, anatulutsa Giselle wake mu 2017. Nkhaniyi anaiika m'mudzi wa ku South Africa, ndipo ovina ankavina opanda nsapato, akusakaniza ballet ndi magule a kwawo. Nyimbo anapeka ndi Philip Miller, ndipo zithunzi za kumbuyo kwa nsanja anajambula ndi William Kentridge. Myrtha anakhala sing'anga wonyamula litchowa. A Wili anavala zofiira m'malo mwa zoyera, ndipo pakati pawo panali akazi ndi amuna omwe, popeza kunamizidwa sikusankha. Chachikulu n'chakuti Giselle wa Masilo sakhululuka. Albrecht amalipira ndi moyo wake. Masilo, amene ankavina yekha mbali ya Giselle, anamwalira pa 29 Disembala 2024 ali ndi zaka 39.

Mathero awiriwa amagawa oonera. Ena amati mphamvu ya gule wa mu 1841 ili m'chikhululukiro, chifukwa pokana kubwezera Giselle amadzimasula ku gulu la mizimu yaukali ndipo amakagona mumtendere. Ena amati chikhululukiro chotere n'chokomera olemera amene ankagula mipando, chifukwa chimapempha wolakwiridwa kuti asenzenso katundu wa wolakwa.

Amene amagwira ntchito pakati pa anthu akumidzi angaone m'nkhaniyi chinthu china chimene mathero onse awiri sachikonza. Amayi a Giselle anachenjeza, Hilarion anakayikira, koma palibe amene anafunsa mlendoyo kwawo, abale ake kapena ankhoswe ake. Choonadi chinatuluka mochedwa, pagulu, m'njira yochititsa manyazi mtsikanayo kuposa mwamunayo. Kaya Albrecht akhululukidwa kapena alangidwa, chigawo chachiwiri chimayambira pamanda. Mwayi wopulumutsa Giselle unali m'chigawo choyamba, masana, mudzi wonse ukuona.