Kodi mumadziwa? Penti ndi fumbi la mu Juni

Kodi mumadziwa kuti miyezi yoothera moto m'mamawa, kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndiyo imakomera anthu a bulashi? Mvula imakhala itatha, makoma auma, ndalama za fodya ndi mtedza zili m'thumba. Pa Nsaru, pa Kabudula ngakhale pa Mpingu mudzaona wolemba zikwangwani atakwera pa diramu, akujambula mutu wometedwa bwino pakhoma la ometa tsitsi. Mashopu ena safuna n'komwe mmisiri wapamudzi: kampani ya Airtel imawapaka kufiira, TNM kubiriwira.

Kodi mumadziwa kuti mu Juni dzuwa limadzera kumpoto? Masana zithunzithunzi zimagwera kummwera. Pa Namitete, pomwe pamadutsa msewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kulowera kumadzulo ku Mchinji, mashopu oyang'ana kumpoto amawala tsiku lonse, pomwe a tsidya linalo khonde limakhala pamthunzi. Wojambula msika ndi penti asankhe mbali asanayale zida zake. Asachedwenso, poti dzuwa limalowa 5:30 madzulo isanakwane.

Kodi mumadziwa kuti kumaiko ozizira penti wosungunula ndi madzi amaundana papepala munthu akujambula? Ena amathira kachasu wakwawoko m'madzimo kuti asaundane msanga. Wamafuta amapirira chisanu, kungoti amalimba. Claude Monet wa ku France anapita dala ku Norway m'chaka cha 1895 kukajambula panja chisanu chili mbuu, mpaka ndevu kuundana.

Kuno chisanu chotero kulibe. Chovuta chathu ndi fumbi. Penti wamafuta amatenga masiku kuti aume, ndiye lole ya mabelo a fodya ikangodutsa pamsewu wadothi wopita ku Nambuma, chithunzi chonse chimavala katondo, ndipo kupukuta ndi kuwonjezera vuto. Mphepo ya mwera nayo imaumitsa penti wamadzi akadali pabulashi. Odziwa ntchito amayamba mame atangouma, ngolo ndi akabaza asanatibule msewu, ndipo amaufulatira mphepo.

Kodi mumadziwa kuti chaka cha 1841 chisanafike, ojambula a ku Ulaya ankasunga penti m'zikhodzodzo za nkhumba? Ankaboola kuti afinye penti, ndipo wotsalayo ankauma kapena kutayikira m'thumba. M'chaka chimenecho John Goffe Rand wa ku America anatulukira kachubu kachitsulo kofinya, konga ka mankhwala otsukira mano, ndipo kujambulira panja kunaphweka.

Kodi mumadziwa kuti utsi umasintha mtundu wa zinthu zakutali? Ana akayamba kutentha tchire posaka mbewa mu Julayi ndi Ogasiti, mitengo ndi mapiri akutali zimaoneka zotuwa. Wojambula amene amapakabe kubiriwira kwa mu Febuluwale akunama. Nyengo ino kubiriwira kuli kudimba ndi pamitengo ya mango basi. Kwinako ndi udzu wouma, njerwa zofiira za pa uvuni, milu ya mbatata ndi nzimbe, ndi majekete a kaunjika.

Kodi mumadziwa kuti amayi akumudzi amadikiranso chilimwe kuti akongoletse nyumba? Dothi lofiira, lakuda la kudambo, phulusa ndi makala osinja zimakwana, ndipo bulashi ndi chikhatho kapena kansanza. Mvula ikagwa zimafufutika, chaka chamawa ayambanso. Kwa ine amenewa ndiwo ojambula panja ochuluka kuposa onse m'boma la Lilongwe, ngakhale palibe amawaitana kukaonetsa luso lawo mumzinda.

Nanga mumadziwa kuti dothi loyera likabisika ku mvula limakhalitsa? Ku Chongoni m'boma la Dedza kuli malo 127 a zojambula pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zina zokhudza chinamwali ndi Nyau. Bungwe la UNESCO linaika malowa pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi m'chaka cha 2006.