James Kasting ndi pepala lomwe linatsogola mapulaneti ake

Mu Januwale 1993, magazini ya sayansi yotchedwa Icarus inasindikiza pepala la kafukufuku lolembedwa ndi anthu atatu a ku America: James Kasting, Daniel Whitmire ndi Ray Reynolds. Funso lawo linali lakuti: kodi pulaneti liyenera kutalikirana bwanji ndi nyenyezi yake kuti madzi azikhala pamtunda pake, osauma ndiponso osaundana? Pa nthawiyo panalibe amene anali atapezapo pulaneti lozungulira nyenyezi ina yonga dzuwa lathu. Lero pepalali latchulidwa m'mapepala ena masauzande, ndipo mmene linafikira pamenepo zikuonetsa zomwe nambala zoterezi zimatiuza ndi zomwe zimatibisira.

Asayansi amawerengerana bwanji?

Wasayansi akamaliza kafukufuku amalemba pepala, anzake odziwa ntchitoyo amaliunika, kenako limasindikizidwa. Kumapeto kwake amaika mndandanda wa mapepala ena omwe watsamirapo. Pepala lanu likapezeka pamndandandawo, ndiye kuti mwatchulidwa kamodzi. Eugene Garfield ndiye anayambitsa kaundula wa zimenezi, Science Citation Index, yemwe anatuluka mu 1964. Masiku ano anthu amayang'ana pa Web of Science, Scopus kapena Google Scholar, pomwe akatswiri a zakuthambo amadalira kwambiri ADS, yomwe imathandizidwa ndi NASA. Mukafufuza munthu mmodzi m'malo onsewa mupeza nambala zosiyana, chifukwa Google Scholar imatolera ndi mabuku komanso zolemba za ophunzira, pomwe ena amangowerenga magazini omwe anawasankha.

Mu 2005, Jorge Hirsch wa pa University of California ku San Diego anabweretsa h-index. Munthu akakhala ndi h-index ya 40, ndiye kuti ali ndi mapepala 40 omwe lililonse latchulidwa kosachepera ka 40. Pepala limodzi lotchuka silingamukweze munthu pamuyeso umenewu, ndipo apa m'pomwe pali ubwino wake ndi vuto lake lomwe. Pepala losintha maganizo a anthu onse a ntchitoyo limangowerengedwa ngati limodzi basi.

Mwini nkhani

Kasting anabadwa mu 1953, anaphunzira ku Harvard, ndipo anatenga digiri ya udokotala pa za mlengalenga ku University of Michigan mu 1979. Anagwirapo ntchito ku NASA Ames ku California asanapite ku Penn State mu 1988. Iye si munthu wochezera pa telesikopu usiku. Chida chake ndi kompyuta: amaiuza kuchuluka kwa kuwala kwa nyenyezi ndi mitundu ya mpweya wokuta pulaneti, n'kuwerengera kutentha kwa pansi.

Pepala la 1981: dziko limadziwongolera kutentha

Kuti timvetse pepala la 1993 tiyambe ndi lina lomwe Kasting analemba ndi James Walker ndi Paul Hays mu 1981. Panali funso lomwe Carl Sagan ndi George Mullen anadzutsa mu 1972. Dziko lili laling'ono, dzuwa linkawala mochepera ndi pafupifupi 30 peresenti poyerekeza ndi lero. Nyanja zonse zikanayenera kuundana, koma miyala yakale ikuonetsa kuti madzi ankayenda. Chinafunditsa dziko n'chiyani?

Yankho la atatuwa linali m'miyala. Mapiri ophulika amatulutsa mpweya wa carbon dioxide, womwe umatsekera kutentha. Mvula imasungunula mpweyawu n'kumadya miyala pang'onopang'ono, mitsinje imakokolera zosungunukazo kunyanja, ndipo kumeneko zimasanduka miyala ya laimu. Kukatentha, mvula imachuluka, miyala imadyeka msanga, mpweya uja umachepa, dziko limazizira. Kukazizira kwambiri, kudyeka kwa miyala kumachedwa, koma mapiri sasiya kuphulika, choncho mpweya umaunjikana mpaka dziko lifundenso. Izi zimatenga zaka masauzande mazanamazana. Amene angaganize kuti miyala itipulumutsa ku utsi wa mafakitale ndi magalimoto athu alakwitsa masamu.

Malire awiri

Wootha moto amadziwa kuti pali malo ake okhala: ukayandikitsa upsa, ukatalikira ugwidwa ndi chisanu. Vuto ndi kudziwa kuti malo abwinowo ndi aakulu bwanji. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Michael Hart anawerengera kuti ndi opapatiza zedi: dziko likanayandikira dzuwa ndi 5 peresenti likanapsa, likanatalikira ndi 1 peresenti yokha likanaundana. Zikanakhala choncho, mapulaneti onga lathu akanakhala osowa kwambiri.

Kasting ndi anzake anaikamo kuzungulira kwa carbon dioxide kuja, ndipo malire akunja anasunthira kutali. Pulaneti lotalikira likayamba kuzizira, mpweya wofunditsa umachuluka n'kulibweza. Muyeso wake ndi mtunda wa pakati pa dziko ndi dzuwa, makilomita pafupifupi 150 miliyoni, womwe amautcha 1 AU. Posafuna kukokomeza, iwo anaika malire amkati pa 0.95 AU ndipo akunja pa 1.37 AU. Kumalire amkati, nthunzi imakwera m'mwamba kwambiri, kuwala kwa ultraviolet kumaiphwanya, hydrogen imathawira kuthambo, ndipo nyanja zimatha osabwereranso. Kumalire akunja, carbon dioxide yeniyeniyo imayamba kuundana kukhala mitambo.

Anansi athu awiri ndiwo mboni. Venus, yemwe timamutcha nthanda akatuluka m'bandakucha, ali pa 0.72 AU: pansi pake pamatentha madigiri oposa 460, ndipo mpweya wake umapanikiza kuposa wathu pafupifupi ka 90. Mars ali pa 1.52 AU, ndipo kampweya kake sikafika ngakhale 1 peresenti ya kupanikiza kwa mpweya wathu, komabe ali ndi makwawa ouma osonyeza kuti kale kunkayenda madzi. Pepalalo linawerengeranso malire a nyenyezi zazikulu ndi zazing'ono kuposa dzuwa, ndipo gawo limeneli ndi lomwe linadzapindulitsa pambuyo pake.

Chinakweza nambala n'chiyani?

Mu 1995, Michel Mayor ndi Didier Queloz a ku Geneva anapeza 51 Pegasi b, pulaneti loyamba kudziwika lozungulira nyenyezi yonga dzuwa. Mu 2009 NASA inatumiza telesikopu ya Kepler, ndipo pofika mu Malichi 2022 mapulaneti otsimikizika akunja kwa banja la dzuwa anali atapitirira 5,000. Aliyense wopeza pulaneti la miyala amafunsidwa funso limodzi: kodi madzi angakhalepo? Poyankha amafunika malire, ndipo malire anali atalembedwa kale mu Icarus.

Pepalalo silinasinthe chilembo ngakhale chimodzi kuchokera mu 1993. Chinasintha ndi chiwerengero cha anthu olifuna. Komiti yokweza anthu pantchito ikanaliyeza ndi nambala patangotha zaka ziwiri, sikanaona chomwe linadzakhala. James Pollack, yemwe Kasting anagwira naye ntchito ku Ames, sanaone n'komwe nambala za pepala lake lina lotchuka kwambiri: lonena za mmene mapulaneti aakulu onga Jupiter amapangikira, lomwe linatuluka mu 1996, iye atamwalira mu 1994.

Palinso china. Mapepala otchulidwa kwambiri nthawi zambiri amakhala opatsa ena chida chogwirira ntchito. Lomwe magazini ya Nature inapeza mu 2014 kuti latchulidwa kuposa onse, kopitirira ka 300,000, ndi la Oliver Lowry ndi anzake la mu 1951, lofotokoza njira yoyezera mapuloteni. Ofufuza za thupi ndi matenda ndi khamu lalikulu, pomwe ofufuza mpweya wa mapulaneti ndi kagulu kochepa. Kuyerekeza h-index ya anthu a magulu awiriwa n'kutaya nthawi.

Kutchulidwa si kuvomerezedwa

Kaundula safunsa chifukwa chomwe mwatchulidwira. Mu Seputembala 2020, Jane Greaves ndi anzake analengeza kuti aona zizindikiro za mpweya wa phosphine m'mitambo ya Venus, mpweya womwe padziko pano umagwirizana ndi zamoyo. Magulu ena anaunikanso zomwezo n'kutsutsa. Wotsutsa aliyense ankayenera kutchula pepala lomwe akulitsutsalo, choncho nambala zinkakwera limodzi ndi mkangano.

Kasting mwini anadzitsutsapo. Mu 1987 analemba nawo pepala lotsogoleredwa ndi Pollack, lonena kuti carbon dioxide yambiri ikanatha kufunditsa Mars wakale. Mu 1991 anasindikiza lina losonyeza kuti mpweyawo ukanaundana kukhala mitambo usanafunditse mokwanira. Onse awiri amatchulidwa, ndipo onse awiri amamuwonjezera nambala. Kwa ine, kulimba mtima kogwetsa mfundo yomwe unaimanga nawo ndi umboni wabwino wa wasayansi kuposa chiwerengero chilichonse, koma h-index ilibe poti ilembe zimenezo.

Malire a 1993 nawonso anasinthidwa. Mu 2013, Ravi Kopparapu, Kasting ndi anzawo anagwiritsa ntchito miyeso yatsopano ya mmene nthunzi ndi carbon dioxide zimamwera kuwala, ndipo anapeza malire a pafupifupi 0.99 AU mpaka 1.7 AU. Izi zinaika dziko lathu m'mphepete penipeni. Chaka chomwecho, Jérémy Leconte ndi anzake ku France, pogwiritsa ntchito kompyuta yowerengera mphepo ndi mitambo ya pulaneti lonse, anabwezera malire amkati cha pa 0.95 AU. Olemba ambiri tsopano amatchula mapepala a 1993 ndi 2013 pamodzi, lina chifukwa cha maganizo ake, lina chifukwa cha manambala ake.

Zoterezi ndi zomwe zinachititsa kuti akatswiri olemba Leiden Manifesto mu 2015 anene kuti nambala zizithandiza oweruza odziwa ntchitoyo, osati kulowa m'malo mwawo.

Mayeso enieni sanafike

Kukhala pakati pa malire awiriwa sikutanthauza kuti pulaneti lili ndi madzi. Mwezi wathu uli momwemo, koma ndi wouma chifukwa ulibe mpweya woukuta. Mu 2017 kunalengezedwa mapulaneti 7 ozungulira nyenyezi yaing'ono ya TRAPPIST-1, ndipo atatu mwa iwo ali m'chigawo choyenera madzi. Telesikopu ya James Webb itayang'ana loyandikira kwambiri nyenyeziyo, zotsatira za mu 2023 zinasonyeza kuti mwina lilibe mpweya wochindikala. Mpaka pano palibe pulaneti lakunja kwa banja la dzuwa lomwe latsimikizika kuti lili ndi nyanja pamtunda pake. NASA ikukonza telesikopu ya Habitable Worlds Observatory, yomwe ikuyembekezeka cha m'ma 2040, kuti idzajambule mapulaneti onga lathu n'kuyeza mpweya wawo. Nyenyezi zoti idzayang'ane zikusankhidwa potsatira malire amtundu womwe Kasting, Whitmire ndi Reynolds anawerengera, ndipo zomwe idzapeze ndi zomwe zidzaonetse ngati malirewo ali pamalo ake.