Mtengo wa Opareshoni Yaulere

Kumpoto kwa mzinda wa Blantyre, munthu akapitirira Lunzu ndi Lirangwe potsata msewu waukulu wa ku Lilongwe, amaloŵa m'dziko la Mfumu Chigaru. Ndi dziko lotsika, lotsetserekera ku mtsinje wa Shire, ndipo m'mwezi wa Okutobala dzuŵa la kumeneko limaswa mtengo. Anthu ake ambiri ndi alimi, ndipo kwa iwo dzuŵa limeneli ndi nkhani ya thukuta chabe. Koma kwa mlimi amene adabadwa ndi khungu lachialubino, dzuŵa lomwelo likhoza kumufikitsa pa mpeni wa dokotala, ndi kusiya banja lake lopanda mbuzi ngakhale imodzi m'khola.

Chialubino si matenda opatsirana, komanso si tsoka kapena chilango. Chimayenda m'magazi a makolo. Mwana amabadwa nacho pamene bambo ndi mayi onse aŵiri ali ndi mbewu yake, ngakhale kuti iwo eni ali ndi khungu lakuda. M'banja lotere, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe wachialubino. Thupi lake limasoŵa chinthu chotchedwa melanin, chimene chimadetsa khungu, tsitsi ndi maso, ndi kutchinga mphamvu ya dzuŵa. Kalembera wa mu 2018 adapeza anthu otere okwana 134,636 m'Malaŵi muno.

Kusoŵa kwa melanin kumafooketsanso maso, ndipo apa mpamene umphaŵi umayambira. Mwana wosaona bwino pa bolodi amatsalira m'kalasi, kenaka amaleka sukulu. Woleka sukulu kumudzi amatsala ndi khasu, ganyu, kuotcha makala kapena kugulitsa malonda m'mbali mwa msewu. Zonsezi ndi ntchito za padzuŵa. Motero munthu amene amayenera kugwira ntchito pamthunzi koposa wina aliyense ndiye amene amapezeka ali pa mzere kuyambira mmaŵa mpaka dzuŵa kupendeka.

Khansa ya pakhungu siibwera ngati mphezi. Poyamba khungu limapsa ndi kufiira. Patapita zaka, pankhope, pamakutu, pamilomo ndi kumbuyo kwa khosi pamatuluka timaŵanga tokhakhala ngati mamba. Timeneti sitinakhale khansa, ndipo dokotala wa khungu amatha kutiumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri m'kamphindi kochepa, wodwala nabwerera kwawo tsiku lomwelo. Tikalekereredwa, tina timasanduka chilonda chosapola, chotuluka magazi chikakhudzidwa. Chilonda chikadali chaching'ono chimadulidwa atangobaya jakisoni wa dzanzi pamalopo, nkusoka. Chikakula chimafuna kuti wodwala agonekedwe tulo, adule mnofu wambiri, ndi kumatapo khungu lotengedwa pantchafu. Chikafika mu anabere a m'khosi, mpeni wokha sukwaniranso. Opareshoni imene lero ili yaing'ono imakhala yaikulu pakutha pa miyezi yoŵerengeka.

Tsono funso ndi lakuti: nanga ndalama zikuloŵa pati, popeza m'zipatala za boma salipiritsa? Nzoona kuti salipiritsa. Wodwala wa kwa Chigaru amayambira pa chipatala chaching'ono cha kwawo, monga cha ku Lirangwe kapena ku Mdeka, ndipo wa ku Chileka amayambira pa cha kwawo. Koma Blantyre ilibe chipatala chachikulu cha boma chongoyang'anira dera lake monga m'mene aliri maboma ena. Onse ofuna opareshoni amalembedwera kalata yopita ku Queen Elizabeth, chimene anthu amangoti ku Gulupu, chipatala chimene chidatsegulidwa mu 1958 ndipo chimalandiranso odwala ovuta ochokera m'chigawo chonse cha kummwera. Chipatala cha Mlambe ku Lunzu chili pafupi, koma ndi cha mishoni, ndipo kumeneko munthu amalipira.

Mpeni wa ku Gulupu ndi waulere. Chodula ndi njira yokafika pa mpeniwo. Ulendo sukhala umodzi. Pali ulendo wokaonetsa chilonda, wina wokadulitsa kachidutswa koti akapime, wina wokamva zotsatira, wina wokatenga tsiku, ndiyeno wina wokagonekedwa. Nthaŵi zina tsiku likafika, malo amatengedwa ndi wovulala pa ngozi, ndipo wodwala amauzidwa kuti abwerenso. Zotsatira za kupima zimatha kuchedwa, ndipo wofuna kufulumira amapita nako kachidutswako kumalo olipira. Ulendo uliwonse uli ndi kabaza wochokera kumudzi kukafika ku msewu wa tala, minibasi yofika m'tauni, ndi ina yofika kuchipatala. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya maulendo ngati ameneŵa yakhala ikungokwera.

Palinso china chimene odwala ena sakumana nacho. Kuyambira chakumapeto kwa 2014, pamene kubedwa ndi kuphedwa kwa anthu achialubino kudachuluka m'dziko muno, mabanja ambiri salola mbale wawo kuyenda yekha, makamaka mbandakucha kapena chisisira. Pomwe wina amalipira mpando umodzi, iwo amalipira iŵiri. Ndipo wodwala akagonekedwa, womudwazika amafunika ufa, ndiwo, makala ndi sopo kwa masabata. Zikachitika m'dzinja, munda umadyedwa ndi udzu, ndipo matenda a chaka chino amabala njala ya chaka chamaŵa. Akulu adati mvula ikakuona litsiro siikata.

Ndalama zimenezi banja limazipeza m'njira zodziŵika. Yoyamba kupita ndi nkhuku, kenaka mbuzi, kenaka matumba a chimanga amene adali a chakudya. Wogula akadziŵa kuti m'nyumba muli matenda amatchula yekha mtengo. Amene ali mu banki m'khonde amakongola kumeneko, ndipo imeneyi ndiyo ngongole yopepukirapo, popeza chiongoladzanja chake chimabwerera kwa eni gulu pogaŵana. Amene sali m'gulu amagwa m'manja mwa a katapila, amene saona za chilonda koma za tsiku lobweza. Ena amathandizidwa ndi mpingo, ena ndi mbale wa ku Joni amene amatumiza kangachepe pa foni. Mtukula Pakhomo, amene adayambira ku Mchinji mu 2006, amafikira mabanja ena ovutikitsitsa, koma ndalama yake ndi yogulira mchere ndi makope, siidapangidwire maulendo asanu a ku Gulupu. Za mabungwe a inshuwalansi monga MASM, zimenezo ndi za anthu a pa ntchito zolembedwa.

Choŵaŵa kwambiri pa nkhaniyi nchakuti kufunafuna ndalamako ndiko kumakulitsa mtengo. Banja likamadikira kuti likolole, kapena kuti gulu ligaŵane ndalama mu Disembala, chilonda sichidikira. Ambiri amayamba ataya kangachepe kawo pa mankhwala opaka a m'golosale ndi kwa asing'anga, poganiza kuti ndi chilonda wamba kapena cholodzedwa. Sichingakhale chilungamo kuwanena kuti ndi osasamala, chifukwa munthu amayamba ndi thandizo limene mwendo wake ungafikeko. Komabe pamene akufika kwa dokotala, opareshoni ya theka la ola imakhala itasanduka ya mwezi wathunthu m'chipatala.

Amene matenda adafika patali amafunika kuotchedwa ndi makina a radiotherapy. Kwa zaka zambiri makina ameneŵa kunalibe m'Malaŵi, ndipo odwala ankalembedwa pa mndandanda wa boma wa oyembekeza kutumizidwa kunja, monga ku India. Ambiri mndandandawo udawapitirira. Mu 2024 chipatala cholipira cha khansa chidayamba kupereka thandizoli ku Blantyre, ndipo mu 2025 boma lidatsegula chipatala chake cha khansa ku Lilongwe, pa Kamuzu Central. Kwa munthu wa kwa Chigaru, chimodzi chili pafupi koma chimafuna thumba, china ndi cha boma koma chili kutali, ndipo kuotchako kumachitika tsiku ndi tsiku kwa masabata angapo.

Nchifukwa chake a bungwe la anthu achialubino la APAM, pamodzi ndi bungwe la Standing Voice limene lidayamba ntchito yopima khungu m'Malaŵi mu 2016, amalimbikira zoti dokotala ndiye aziyenda kukapeza anthu m'zipatala zazing'ono, osati anthu kulondola dokotala m'tauni. Pa masiku otere khungu limaonedwa kuyambira kumutu mpaka kumapazi, timaŵanga timaumitsidwa pomwepo, ndipo anthu amalandira zipewa zakhonde ndi mafuta oteteza khungu ku dzuŵa. Mafutaŵa amayenera kupezekanso mwaulere m'zipatala za boma, ngakhale kuti kaŵirikaŵiri amathera m'zipatala zazikulu asanafike kumudzi. Pomwe mafuta palibe, malaya a manja aatali, chipewa chophimba makutu ndi khosi, ndiponso kuŵeruka kumunda dzuŵa lisanakwere, zimatchinga zambiri. Madokotala a khungu amalangiza kuti munthu wachialubino azipimidwa miyezi isanu ndi umodzi iliyonse, ndi kuti chilonda chimene chatha mwezi osapola chikaonetsedwe sabata yomweyo, ngakhale chikhale chaching'ono ngati njere ya nyemba.